Kodi agulugufe okongola ndiwo amabala mbozi za m'thonje?

FUNSO: Ndine mlimi wa thonje ndi mapira kuno ku Ngabu, m'boma la Chikwawa. Mvula ikangoyamba, m'munda mwanga mumadzaza agulugufe oyera, achikasu ndi ena amawangamawanga, ndipo pakapita masabata ochepa mbozi zimayamba kuboola zipatso za thonje. Anansi anga akuti ndizipopera mankhwala ndikangoona agulugufewa. Kodi iwowa ndiwo amabala mbozizi? Nanga amasiyana bwanji ndi aja amazungulira nyali usiku?

YANKHO: Bambo, musataye mankhwala anu pa agulugufe a masana, pakuti mdani wa thonje lanu amabwera inu mutagona. Mbozi zoboola thonje, kapuchi wa m'mapira ndi m'chimanga, komanso ntchemberezandonda, zonsezi zimaswedwa ndi njenjete, zomwe ndi zija mumaziona pa nyali. Ambirife sitizilabadira chifukwa ndi zazing'ono ndiponso zotuwa.

Agulugufe ndi njenjete ndi a fuko limodzi, lomwe akatswiri amalitcha Lepidoptera, ndipo onse amadutsa njira imodzi: dzira, mbozi, chikwa, kenako kachilombo ka mapiko anayi. Mitundu yodziwika pa dziko lonse ndi yoposa 150,000, koma mwa imeneyi ya agulugufe sipitirira 20,000. Yotsalayo ndi njenjete.

Chizindikiro chodalirika powasiyanitsa ndi tinyanga ta kumutu. Ta gulugufe ndi topyapyala ndipo kunsonga kwake kuli kamutu, pamene ta njenjete timangothera mosongoka kapena timakhala ndi manyenje, makamaka kwa zazimuna, zimene zimanunkhiza nato fungo la zazikazi kuchokera kutali. Gulugufe akatera, kawirikawiri amaimika mapiko ake pamodzi pamsana, koma njenjete imawagoneka mofunditsa thupi lake, lomwe limakhala lonenepa ndi laubweya. Mtundu wa mapiko ndi nthawi youluka sizodalirika kwenikweni, chifukwa zilipo njenjete zowala zouluka dzuwa likuswa mtengo, ndipo alipo gulugufe wofiirira ngati tsamba louma amene amatuluka kukamada.

Tsono taonani amene akukuwonongerani mbewu. Njenjete ya mbozi yotchedwa Helicoverpa armigera ndi yofiirira motuwa, ndipo imaikira timazira toyera, limodzilimodzi, pa masamba anthete ndi pa maluwa a thonje. Ina, ya mbozi yofiira, chikwa chake chimakhala m'nthaka kudikira nyengo yotsatira, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene alangizi amalimbikitsira kuzula ndi kutentha mitengo ya thonje mukatha kukolola, kuti njenjete zikatuluka zisapeze poikira. Ntchemberezandonda yachilendo ija, yomwe kwawo ndi ku America, inaoneka koyamba mu Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha mbozi imeneyi. Njenjete yake ikatambasula mapiko siposa masentimita 4. Mapiko am'tsogolo ndi otuwa, am'mbuyo oyera. Imaikira mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi n'kuwaphimba ndi ubweya wake, ndipo kumalo otentha ngati kuno kuchigwa, m'badwo umodzi umatha m'mwezi umodzi wokha. Mbozi yake mungaizindikire ndi chilembo cha Y chozondoka pamutu ndi timadontho tinayi takuda kumchira.

Agulugufe amene mumawaona masana ali ndi zakudya zawozawo. Mbozi za oyera ndi achikasu aja, omwe zaka zina amadutsa m'chigulu atalunjika mbali imodzi, zimadya masamba a zitsamba ndi mitengo ya kutchire. Pali wina wofiirira ngati lalanje, wa nsonga zakuda zamadontho oyera, amene amauluka mwapang'onopang'ono mosaopa kanthu. Mbozi yake imadya zomera zija za utomoni woyera wakupha, ndipo ululu wake umatsalira m'thupi mpaka atamera mapiko, kotero kuti mbalame imene yamulawa kamodzi siibwerezanso. Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri n'chakuti wamkazi wa mtundu wina, wopanda ululu uliwonse, amaoneka chimodzimodzi ndi ameneyu ndipo mbalame zimamulambalala, chonsecho mwamuna wake ndi wakuda wa mawanga oyera, moti wosadziwa sangavomere kuti ndi banja limodzi.

Mmodzi yekha ndikuchenjezeni naye ngati muli ndi mbande za mandimu kapena malalanje: gulugufe wamkulu wakuda wa mawanga achikasu. Mbozi yake ikakhala yaing'ono imafanana ndi chitosi cha mbalame, ikakula imabiriwira, ndipo mukaikhudza imatulutsa tinyanga tiwiri tonunkha. Imatha kumaliza masamba a mbande, koma kuitola ndi manja n'kokwanira.

Langizo langa ndi lakuti muziyendera munda m'mamawa sabata iliyonse, kufufuza mazira ndi timbozi tating'ono pa nsonga za thonje ndi m'mitima ya mapira, ndipo mufunse mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kuchuluka kwake kumene kumayenera mankhwala. Kupopera mwachisawawa kumapha njuchi ndi tizilombo tina timene timadya mbozi, ndipo kumachititsa kuti mbozizo zizolowere mankhwalawo.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ku Nsanje. Ana anga a sukulu amafunsa chimene agulugufe amafuna akaunjikana pa mchenga wonyowa m'mbali mwa Shire kapena pakhomo pa khola la ng'ombe. Ena amati ufa wa pa mapiko awo ukalowa m'maso munthu amachita khungu.

YANKHO: Aphunzitsi, amene amaunjikanawo ambiri ndi aamuna, ndipo akuyamwa mchere wosungunuka m'matope ndi mumkodzo wa ziweto, popeza timadzi ta m'maluwa tili ndi shuga wambiri koma mchere wochepa. Gawo lina la mcherewo amalipereka kwa wamkazi pokwerana, ndipo limathandiza mazira. Ufa uja ndi timamba tating'onoting'ono toyalana pa phiko, ndipo ndi timene timapereka mtundu ndi mawanga onse. Tikachoka, phiko limatsala loonekera. Sitichititsa khungu, ngakhale kuti tikhoza kuthukuta m'maso monga fumbi lina lililonse, ndipo kusamba ndi madzi oyera kumathetsa vutolo. Zimene anawo ayenera kupewa kugwira ndi mbozi zaubweya, chifukwa zina mwa izo zimayabwa ndi kutupitsa khungu la m'manja.