Simunagonepo m'tenti? Limenelo si vuto, achemwali

Achemwali ena a ku Zomba andilembera kuti kumpingo kwawo awapempha kuthandiza gulu la masikauti, koma sanagonepo m'tenti, ngakhale mfundo ya chingwe sadziwa kumanga. Akufunsa kuti, "Nanga anawo ndikawaphunzitsa chiyani?"

Funsoli landitokosa pachilonda, chifukwa ine chimene chinandipweteketsa n'kudziwa zambiri.

Ulendo wanga woyamba ndinakwera ndi ana 14 phiri la Mulanje, kuchokera pa Likhubula kukagona ku Chambe. Madzulo chiperoni chinatsika, nkhuni zonse zili nyowe. Kamnyamata kena ka Fomu 1 kanagwada pamafuwa kakuuzira moto, utsi uli m'maso, misozi ili chuchuchu, m'bokosi mutatsala machesi atatu. Ine mtima unandikwera. Ndinati "tachoka apa," n'kukoleza ndekha, nsima n'kuphika ndekha. Tinadya bwino ndithu, anawo mpaka anandiombera m'manja. Koma mwana uja sindinamuonenso Loweruka lotsatira, kapena lina lililonse. Ndinamulanda moto wake anzake akuona.

Ndiye ndinene mosapsatira: wamkulu woopsa m'gulu la ana ndi amene amadziwa zonse, osati inu. Ambirife tinakula m'nthawi ya a Payoniya, moti tikaona yunifolomu timangoganiza za kuguba ndi kukalipa. Asilikali anawalanda zida a Payoniya mu 1993, koma kamtima kaja ena tikadali nako. Chonsecho Baden-Powell, msilikali weniweni amene anayambitsa gulu la masikauti, pamene anasonkhanitsa anyamata pafupifupi 20 pachilumba cha Brownsea ku Mangalande mu 1907, anawagawa m'timagulu tinayi, kalikonse kokhala ndi mtsogoleri wake wachinyamata. Msilikali anatha kuwasiyira ana udindo, nanga ife tikulephereranji?

Ndisaiwale enanso aja amene tsiku loyamba lomwe amafunsa za alawansi. Kulibe. Thiransipoti mulipira nokha, shuga akatha mugula ndinu, ndipo makolo ena adzakuimbirani usiku kufunsa ngati mwana wavala juzi. Amene akufuna envulopu apite ku wekishopu, atisiye ife.

Nanga muchite chiyani?

Vomerani, koma muyambe ngati wothandizira mtsogoleri amene alipo kale. Mfundo za zingwe akuphunzitsani ndi anawo, ndipo amanyadira zedi akaona munthu wamkulu akulakwitsa. Phunzirani chithandizo choyamba. Musatuluke ndi mwana popanda kalata ya makolo ake, musakhale awiriwiri ndi mwana pobisika, ndipo ngati pali atsikana, ulendo wokagona usachitike popanda mayi. Mwayi wanu inu muli ndi phiri la Zomba pakhomo, yambirani pamenepo. Sapitwa wa paphiri la Mulanje, wa mamita 3,002 uja, musamuyerekeze popanda wolondolera njira wa komweko.

Machesi apadera muwakulunge m'kajumbo, muike m'thumba mwanu, koma anawo musawauze kuti muli nawo.