Musanagumule, kankhani kaye wadirobu

Iii asisi, ndangowerenga zoti khoma la kuchipinda likunyowa kuseri kwa shawa yatsopanoyo, mtima wanga myuu. Ine zinandionekera zomwezi.

Patangotha miyezi iwiri chiikireni matailosi, penti ya kuchipinda inayamba kutukumuka m'munsimu, kafungo ka chinyezi osatha. Ndinkangoti mwina sititsegula mawindo mokwanira. Tsiku lina ndikusaka nsapato ndinakankha wadirobu. Mayo ine! Thabwa lakumbuyo lili bii, lofewa moti chala chimangolowa. Zovala za m'munsi zonse chuku chokhachokha. Katoni yomwe ndimasungamo masatifiketi, mapepala atamatirirana, inki itayenderera, ukati ulekanitse akung'ambika. Pakhoma patatuluka zoyera ngati mchere, ukakhudza pulasitala akungoyoyoka. Ndinakhala pansi pomwepo, kulira osalira, mwana akundigwedeza kuti amama mwatani.

Mmisiri yemwe anaika matailosi uja nditamuimbira akuti ndi nthunzi chabe, muzitsegula windo. Kachiwiri akuti ndi vuto la pulambala. Pulambala naye akuloza wa matailosi. Kachitatu wa matailosi uja anabwera ndi kachubu ka silicone (phala lomatira mipata, likauma limakhala ngati labala), kupakapaka m'makona, n'kundilipiritsanso, manyazi alibe. Kuchoka apo foni osayankha. Munthu woti ndinamulipira zonse, ndalama ya waterproofing (zotchinga madzi kuti asalowe m'khoma) ili papepala lomwe analemba yekha ndi dzanja lake!

Mmisiri wina amene anabwera pambuyo pake sanachedwe n'komwe. Anangogogoda matailosi ndi chogwirira cha sikuludiraiva, akulira ngati ng'oma. Atachotsa imodzi inatuluka yathunthu, kuseri kuli timibulu tisanu ta simenti yomatira, pakati ponse mphako, timadzi takuda tikutsetsereka, fungo lake losaneneka. Waterproofing? Olo kadontho. Ndi tsiku limenelo ndinadziwa kuti grout, simenti ija amatsekera mipata ya pakati pa matailosi, satseka madzi, amamwa. Chotchinga madzi ndi chija amapaka kapena kuyala pansi pa matailosi n'kukwera nacho khoma. Pansi napo sanapendeketse, pamafunika kutsika pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse kulowera kudreni, pomwe kwanga madzi amangoima pakona mpaka mawa. Tinagumula zonse, kulipira kawiri.

Koma inu musagumule kaye. Siyani kusambiramo masiku angapo muone ngati khoma likuuma. Tsekani mipope yonse m'nyumba n'kuyang'ana mita ya madzi: ikamayendabe ndiye pali paipi ikudontha, mwina m'khoma momwemo, matailosi alibe mlandu. Matani pulasitiki pamalo onyowawo ndi tepi mbali zonse, isiyeni maola 48. Madontho akakhala kunja kwa pulasitiki ndi nthunzi, akakhala mkati ndiye madzi akuchokera m'khoma. Kenako tsekani dreni, thirani madzi pansi ndi ndowa, osatsegula shawa, lembani pomwe alekeza, dikirani maola 24. Akatsika, vuto lili pansipo. Akapanda kutsika, thirani khoma limodzilimodzi kuyambira m'munsi kukwera, muonenso pozungulira mixer (mpopi wosakaniza madzi otentha ndi ozizira) ndi pomwe paipi ya shawa yatulukira, pamenepo amakonda kusiya mpata.

Komanso ngati khomalo angolipaka pulasitala kumene, mwina likungouma, zoyerazo zimatuluka ndithu.

Ndipo mwina ndi m'makona chabe. Akaika grout pomwe khoma lakumana ndi pansi amang'aluka, pamafunika silicone. Kachubu kamodzi kakhoza kuthetsa nkhani yonse, yesani kaye zimenezo. Muitanenso mmisiri yemwe anakuikirani matailosiyo, mumulankhule bwinobwino, chifukwa wina akangokhudzapo adzakana kuti si ntchito yake. Jambulani zithunzi tsiku lililonse, mauthenga ake musafufute. Ndipo chilichonse chatsamira khoma limenelo chichotseni lero lomwe, mapepala poyamba.