Kodi mwana wanga angapeze chithandizo cha mafizo kusukulu?

Funso: Alangizi, ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 7 amene anadwala malungo a mu ubongo ali ndi zaka ziwiri. Chichokereni m'chipatala, dzanja lake lamanja linauma, amayenda mokoka mwendo, ndipo mawu amene amatchula ndi owerengeka. Ndinkapita naye ku mafizo m'tauni, koma ndalama ya minibasi inandikanika. Nditakamulembetsa Sitandade 1 pasukulu ina kuno kwathu, mphunzitsi anandiuza kuti ndibwerere naye kunyumba chifukwa sangathe kumuyang'anira pakati pa chinamtindi cha ana. Ndinamva kuti pali sukulu zimene ana otere amathandizidwa. Kodi n'zoona?

*Mayi wa ku Bangwe, Blantyre*

Yankho: Pepani mayi, kalata yanu yandikhudza kwambiri. Mwana wanu sanayenere kubwezedwa. Lamulo loteteza anthu aulumali, limene linakhazikitsidwa mu 2012 ndipo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024, sililola kumana mwana maphunziro chifukwa cha ulumali. Ndikudziwa kuti mphunzitsiyo katundu wamuchuluka, koma zimenezo sizichotsa ufulu wa mwana.

Zimene munamvazo n'zoona, ngakhale kuti si monga mukuganizira. M'sukulu zambiri za boma simudzapezamo dokotala wa mafizo kapena katswiri wophunzitsa ana kulankhula. Chimene chilipo m'sukulu zina za pulayimale ndi chipinda chapadera, chimene aphunzitsi amachitcha resource centre, momwe mwana amakhala kwa nthawi ndithu ndi mphunzitsi amene anaphunzira ntchito yothandiza ana aulumali, kenako n'kubwerera m'kalasi kwa anzake. Ambiri mwa aphunzitsi amenewa anasulidwa kukoleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo zikakanika kaonaneni ndi mlangizi wa sukulu za m'dera lanu, uja amati PEA, kuti akuuzeni sukulu yapafupi imene ili ndi chipinda chotere.

Komabe musatayiretu kuchipatala. Yesetsani kupitanso kamodzi ku Gulupu kapena kuchipatala cha mafizo cha Kachere, ndipo mukapemphe a mafizo kuti akulembereni m'kabuku ka kuchipatala zimene mwana ayenera kumachita tsiku ndi tsiku, akusonyezeninso ndi manja awo mpaka mutazigwira. Kabuku kameneko mupite nako kwa mphunzitsi kuti naye azimuchititsa zimenezo, chifukwa ubongo wa mwana umaphunzira njira zatsopano pobwerezabwereza, ndipo mphindi zochepa tsiku lililonse, kunyumba ndi kusukulu, zimapindula kuposa ulendo umodzi wa m'tauni pamwezi.

Zambiri mwa zinthu zimenezi sizilira ndalama. Pensulo mukaikulunga ndi kansalu kapena mphira mpaka itanenepa, zala zouma zija zimaigwira mosavuta, ndipo ngati dzanja lamanzere ndi limene lili ndi mphamvu, mulekeni alembere lomwelo, lamanja lizitsamira pakope. Kutola zitsekerero za mabotolo n'kumaponya m'kachitini kumafewetsa zala, kwinaku akuphunzira kuwerenga manambala. Pa nkhani ya kulankhula, jambulani kapu, mbale ndi chimbudzi pa timakatoni kuti aziloza akafuna kanthu, inu n'kumatchula mawuwo momveka. Ndimaikonda njira imeneyi chifukwa mwana amene wamvedwa sachedwa kuyesa kutchula yekha. Mupemphenso mphunzitsi kuti mwanayo azikhala kutsogolo m'kalasi, pafupi ndi mnzake wodekha, mapazi onse atafika pansi.

Ana ena amene anadwala malungo a mu ubongo amatsala ndi vuto la kukomoka. Ngati wanu amatero, asadumphitse mankhwala, ndipo muwauziretu aphunzitsi kuti akagwa amugoneke cham'mbali, asamuike kanthu m'kamwa, ndiponso kuti khunyu sapatsirana. Bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM lingakulumikizeni ndi amayi anzanu amene anadutsa kale m'zimenezi, ndipo mmodzi wa iwo angakuperekezeni tsiku lokaonana ndi mphunzitsi wamkulu.