Yankho kwa mayi amene afunsa za chopereka cha ansembe opuma

Mayi, mwafunsa kuti tikusonkheranji ndalama ansembe a Anglican opuma ntchito amene ali kunyumba zosungirako okalamba, pomwe mpingo uli ndi penshoni yawo. Mwachita bwino kufunsa poyera, ambiri akungong'ung'udza pansipansi.

Penshoniyo dzina lokha ndilo lilipo. Inu munali kuno ku Zimbabwe mu 2008, mukukumbuka mtengo wa buledi ukusintha m'mawa ndi madzulo, mpaka mu Januwale 2009 kunatuluka ndalama yapepala ya madola a ku Zimbabwe 100 trillion. Titayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America chaka chomwecho, zimene anthu anasunga moyo wawo wonse zinasanduka phulusa. Mu 2019 RTGS, ndalama yatsopano imene boma linabweretsa, inadyanso zotsalazo. Ansembe sanapulumuke. Onjezanipo mkangano wa nthawi ya Bishopu Nolbert Kunonga, amene anapatuka mu mpingo n'kulanda matchalitchi: kuyambira 2007 mpaka khoti la Supreme litagamula mu Novembala 2012, akhristu ambiri a dayosizi ya Harare ankapemphera pansi pa mitengo, ansembe ena atatulutsidwa m'nyumba za parishi.

Nkhani ya nyumbayi ndiyo imandipweteka. Wansembe amakhala m'nyumba ya parishi, lero Mbare, mawa Marondera, kulikonse komwe watumidwa. Tsiku lopuma amapereka makiyi kwa womulowa m'malo. Ngati sanamange yake, apita kuti?

Ine ndimayendera mmodzi wa iwo. Ndi amene anaika maliro a bambo anga, ndipo ngakhale ndi Mshona, anaphunzira nyimbo ziwiri za Chichewa kuti achemwali a bambo ochokera ku Nkhotakota aimbe nawo kumanda. Lero anafa ziwalo mbali imodzi. Mwezi uliwonse pamafunika mankhwala a shuga ndi a BP, matewera a akuluakulu, sopo, ndi ndalama yolipira kunyumbako. Nditawafunsa chimene akusowa, anangoti ndiwawerengere Salimo 23 chifukwa maso sakuonanso. Ndinatuluka ndikulira.

Ife ochokera ku Malawi okhala kuno, sosaite ya maliro timaidziwa bwino, bokosi silisowa. Chimene tikupempha n'chakuti mtima womwewo ufike munthu akadali moyo. Ndipo chisakhale chopereka cha tsiku limodzi, poti matenda a shuga sadikira Khrisimasi. Dola imodzi kapena ziwiri mwezi ndi mwezi, pamanja kapena pafoni kudzera pa EcoCash, n'zothandiza kuposa phwando lalikulu la kamodzi pachaka.

Ngati nkhawa yanu ndi yakuti ndalama zidyedwa, ndikukumvetsani. Umirirani kuti osaina akhale atatu, ndalama ipite molunjika kunyumba yosungirako okalamba ndi kufamase, malisiti aikidwe m'gulu muno mwezi ukatha. Tisaiwalenso amayi amasiye a ansembe, ena akuvutika kuposa pamenepa.

Loweruka likubwerali tikupita kukawaona ndi amayi a Mothers' Union, bungwe la amayi a mumpingo. Tiyeni limodzi, mayi, mukadzionere nokha. Mukatenga bulangete kapena paketi ya shuga wa tiyi wa anzawo a m'chipindamo, zikwanira.