Chingambwe ku Joni: yankho kwa mbale wa ku Rosettenville

Mbale wina wandilembera imelo. Akufuna kumaitanitsa chingambwe kumudzi pa basi n'kumagulitsa kuno, ndiye akufunsa kuti atsatse bwanji. Achimwene, mwandiponda pachilonda.

Ine ndinakulira m'chigafa ku Kasungu. Bambo ankalima fodya wa bale, ife ana n'kumasoka masamba mpaka zala kuda bii. Mabelo akapita ku okushoni ku Kanengo, ndalama zinkabwera zodukaduka: ya thiransipoti yachoka, ya ziguduli yachoka, ngongole ya feteleza yadula pakati. Koma agogo aamuna bale sankamukhudza. Anali ndi kamunda kawo kuseri kwa khola, masamba akuda, ofukiza ndi utsi, opota ngati chingwe. Ankacheka pang'ono ndi mpeni, kufikisa m'manja, kukulunga m'khoko la chimanga, basi, mudzi wonse wadziwa kuti mkulu wadzuka.

Chimene anthu akufuna kwa inu ndi fungo limenelo, ukali wake, ndi mtengo wotsika. Mchona wa ku Mayfair akachoka pa ganyu amagula fodya wa Boxer pa spaza, kagolosale ka kuno, n'kupichira m'nyuzipepala, koma mtima uli pa fodya wakwawo. Mukumbukire 2020, boma la kuno litaletsa kugulitsa fodya kuyambira pa 27 Malichi mpaka mu Ogasiti. Anyamata amene ankanyoza chingambwe kuti ndi cha azigogo ndi omwewo ankagogoda m'makomo kufunsa amene ali nacho.

Ndipo apa ndiye pamandipsetsa mtima. Malawi ali m'gulu la mayiko otsogola pa dziko lonse polima bale, koma timagulitsa tsamba losakonza, ena n'kuliika m'kapaketi konyezimira, phindu lonse n'kukhala lawo. Mlimi wa ku Dowa akadali ndi nsapato imodzi yomweyo.

Chimodzi ndikukanizeni: musamauze anthu kuti poti ndi wachilengedwe, wopanda mankhwala, ndiye kuti sapweteka. Bodza limenelo. Alibe ngakhale fyuluta. Agogo aja zaka zawo zomaliza ankatsokomola usiku wonse, ife n'kumati ndi ukalamba.

Nanga kutsatsa?

Kuno sizitheka. Lamulo la Tobacco Products Control Act la 1993, atalikonzanso mu 1999, limaletsa kutsatsa fodya, ndipo positi ya pa Facebook kapena sitetasi ya WhatsApp nakonso n'kutsatsa. Kugulitsa kwa mwana wosafika zaka 18 ndi mlandu. Fodya ali ndi msonkho wa SARS, bungwe lotolera misonkho kuno, choncho thumba lobisa pansi pa ufa ndi usipa akaligwira pa boda ya Beitbridge, lapita, mwina ndi pasipoti yanu yomwe ilowa m'mavuto. Yambani mwakaonana ndi kiliyaringi ejenti, wothandiza kulowetsa katundu pa boda, akuwerengereni msonkho ndi mapepala ofunika. Kenako muonkhetse nokha ngati patsala kanthu.