Mafunso a Awerengi: Nyumba tinapeza, nanga thandizo tikalipeza kuti?

Makalata a mwezi uno achokera kwa awerengi okhala m'nyumba zotsika mtengo zomwe mabungwe anamanga m'mizinda yathu. Tasankhapo atatu.

Funso: Akonzi, ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri yomwe ine ndi malemu amuna anga tinapeza kudzera ku bungwe lina lothandiza anthu opeza movutikira. Njerwa zake ndinaumba nawo ndi manja angawa, ndipo ngongole yake tinkabweza mwezi ndi mwezi. Chimwalirireni bambo ndalephera kulipira miyezi isanu, kalata yochenjeza yafika, ndipo alamu anga akuti ndituluke chifukwa dzina lomwe lili pa mapepala ndi la mchimwene wawo. Sabata yatha anabwera ndi loko watsopano m'thumba la jekete. Kodi ndilowere kuti? *Mayi wamasiye, Lilongwe.*

Yankho: Pepani kwambiri mayi ndi imfa ya bambo akunyumba. Mavuto anu ndi awiri, nkhani ya alamu ndi nkhani ya ngongole, ndipo musalole kuti wina awaphatikize pofuna kukuopsezani.

Tiyambe ndi alamuwo. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limanena kuti munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chake chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi anthu amene ankadalira iye pa moyo wawo wa tsiku ndi tsiku. Mchimwene wa malemu amene ali ndi pakhomo pake komanso amadzipezera yekha chakudya salowa m'gulu limeneli pamene inu ndi ana muli moyo. Lamulo lomweli limati katundu wa m'nyumba amene munkagwiritsa ntchito limodzi atsale ndi inu, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu womwe munthu angathe kumangidwa nawo. Choncho dzina la amuna anu pa mapepala silikupatsa alamu anu mphamvu yokhoma chitseko chanu.

Chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi chakuti musachoke m'nyumbamo, ngakhale achibale atakunyengererani kuti mupite kaye kumudzi mukapume maganizo. Amayi ambiri nyumba zawo zimawapulumuka mwa njira imeneyi: amachoka ndi kachikwama ka zovala za sabata imodzi, pobwerera n'kupeza mwalowa kale munthu wa lendi. Sonkhanitsani pangano la nyumba, malisiti onse a ngongole, chiphaso cha imfa ndi umboni wa ukwati wanu, muwachite fotokope, ndipo ena mukasungitse kwa munthu amene mumamukhulupirira kunja kwa banja la amuna anu. Ngati ukwati wanu unali wa chinkhoswe, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi mboni zanu, ndipo ndi bwino kuwadziwitsa msanga.

Mukatero pitani ku polisi yapafupi, mukafunse ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, ndipo mukafotokoze za loko uja kuti nkhaniyi ilembedwe m'buku. Za kagawidwe ka chumacho zimayendetsedwa ndi ofesi ya bwanamkubwa kapena ya Administrator General, yemwe ndi mkulu wa boma woyang'anira chuma cha anthu omwalira. Nkhani ikafika kukhoti musaope kuti mulibe ndalama za loya, pakuti boma linakhazikitsa Legal Aid Bureau kuti iziimira anthu amene sangakwanitse kulipira, ndipo ku Lilongwe ofesi yake ilipo.

Za ngongole, musadikire kalata yachiwiri. Pitani nokha ku bungwelo ndi chiphaso cha imfa, mukapemphe kuti akuchepetsereni ndalama ya pamwezi n'kukutalikitsirani nthawi, mukafunse ngati panganolo linali ndi inshuwalansi ya imfa, komanso mukafunse njira yosinthira dzina kuti likhale lanu ndi la ana. Chilichonse chomwe mwagwirizana chilembedwe papepala. Chimodzi chokha musachite: musakatenge katapila kuti mutseke miyezi isanuyo, chifukwa pamenepo ndiye nyumba ingapitedi.

Funso: Ine ndine wapampando wa komiti ya anthu okhala m'nyumba zotsika mtengo m'dera lathu. Pakati pathu pali agogo amene akulera zidzukulu zitatu zamasiye. Nyumba ali nayo, ya malata ndi simenti, koma masiku ena pakhomopo sipafuka utsi. Anthu ozungulira amati wokhala m'nyumba yotere sangakhale wosauka. N'chifukwa chiyani salandira nawo Mtukula Pakhomo, ndipo ifeyo tingatani? *Bambo wa komiti, Mzuzu.*

Yankho: Zikomo bambo chifukwa choima pa malo a agogowo. Mtukula Pakhomo inayamba ngati yoyeserera ku Mchinji mu 2006 ndipo inafika m'maboma onse 28 mu 2018. Inakhazikitsidwa kuti izipereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, pafupifupi banja limodzi pa mabanja khumi alionse, ndipo kasankhidwe kake kanakonzedwa poganizira kwambiri midzi, kumene mafumu ndi makomiti amadziwa khomo lililonse. Osauka a m'tauni akhala akutsalira m'mbuyo chifukwa cha chimenechi. Kuti n'zotheka kuwafikira tinaona mu 2021, pamene chifukwa cha Covid-19 mabanja ena a ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba analandira K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu, koma limenelo linali thandizo la kanthawi chabe.

Maganizo anga ndi akuti tinalakwitsa poganiza kuti tikamupatsa munthu denga ndiye kuti tathana naye. Malawi Housing Corporation, yomwe inakhazikitsidwa mu 1964, ntchito yake ndi kumanga, kugulitsa ndi kubwereketsa nyumba, ndipo mabungwe ambiri omanga nyumba amathera pomwepo popereka makiyi. Zosamalira anthu zili ku maofesi ena omwe sadziwa n'komwe kuti kuseri kwa chitseko chopaka penti kuli ana atatu ogona ndi njala. Denga labwino limathanso kubisa umphawi, monga momwe anthu ozungulira agogowo akusonyezera.

Ntchito ya komiti yanu ndi kuchititsa kuti banjalo lioneke. Lembani kalata yofotokoza zaka za agogowo, mayina ndi zaka za ana, makalasi awo ndi matenda ngati alipo, isayinidwe ndi mfumu ya m'deralo ndi khansala, ndipo muipereke ku ofesi ya zosamalira anthu ya boma lanu. Ofesi imeneyi ili ndi alangizi oteteza ana amene amayendera makomo, ndipo ndi yomwe imalemba ana ovutika ofunika thandizo la sukulu. Sindikukulonjezani kuti ndalama ituluka mawa, popeza ofesizi zimagwira ntchito ndi chuma chochepa, koma banja lolembedwa limakumbukiridwa pamene thandizo lapezeka. Mdzukulu wamng'ono mumulembetse ku sukulu ya mkombaphala, ndipo alangizi a zaumoyo a m'dera lanu muwapemphe azidutsa pakhomopo.

Palinso chitsanzo chomwe ndikufuna muchione. Kuyambira mu 2003, amayi a m'madera osauka a m'mizinda anayamba magulu osunga ndalama pang'onopang'ono mogwirizana ndi bungwe la CCODE lomwe limathandiza anthu osauka pa nkhani za nyumba, ndipo magulu amenewa ndiwo anamanga nyumba ku Area 49 ku Lilongwe ndi ku Angelo Goveya ku Blantyre. Mphamvu yawo sinali m'ndalama mokha. Wotolera ndalama akamayenda khomo ndi khomo amaona amene wadwala, amene sanakoleze moto, ndi mwana amene sanapite kusukulu. Ngati m'dera lanu muli banki mkhonde, pemphani kuti thumba la zadzidzidzi lisamathere pa maliro okha, koma lizigulanso ufa ndi sopo wa makomo ngati a agogowa.

Funso: Nyumba zathu ndi zogundana, khoma limodzi mabanja awiri. Usiku ndimamva mwana wa oyandikana nawo akumenyedwa koopsa, ndipo tsiku lina ndinamuona ali ndi zilonda kumsana pamene ankatunga madzi pa kiyosiki. Ndikuopa kudana ndi anthu amene ndidzakhale nawo moyo wanga wonse. *Mayi wodandaula, Blantyre.*

Yankho: Mantha anu ndi omveka mayi, koma zomwe mwaonazo si kulanga mwana, ndi nkhanza. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la chaka cha 2010 limapereka udindo kwa munthu aliyense wa m'dera kuti akanene kwa mfumu, apolisi kapena a zosamalira anthu akaona mwana akuzunzidwa. Simukuyenera kukagogoda nokha pachitseko chawo. Imbani nambala yaulere ya 116, mufotokoze zomwe mwamva ndi zomwe mwaona, ndipo mupemphe kuti dzina lanu lisatchulidwe kwa eni nyumbayo. Pa chipatala cha Queen Elizabeth pali malo a Chikwanekwane, kumene mwana wochitidwa nkhanza amaonedwa ndi achipatala, apolisi ndi a zosamalira anthu pamalo amodzi. Lembani masiku ndi nthawi zomwe mwamva kulirako, ndipo imbani lero lomwe mwanayo asanagonenso usiku wina kuseri kwa khomalo.