Zilembo zofufutidwa pa Lee-Enfield yanu

Bambo wina wanditumizira imelo. Wagula mfuti yakale ya asilikali a Britain ya Lee-Enfield, pambali pake zilembo zakale anazikhwatcha, pansi nkulemba No4 Mk1/2 ndi FTR. Mnzake akuti wagula yachinyengo. Ndiye akufunsa ngati ndi bwino kuipala kuti iwale.

Bambo, mawu oti kupalawo andiimitsa mutu.

Mfuti yanga yoyamba inali Martini-Enfield. Inabwera ili dzimbiri lokhalokha, ine nkutenga sandipepa. Ndinapala madzulo awiri. Tsiku lachitatu, nditaipendeketsa padzuwa, ndinaona kumanzere kwake kachisoti kachifumu, V.R. (zilembo za Mfumukazi Victoria), kenako chaka, 189, nambala yomalizayo nditaidya kale. Kumanja kunali chaka chomwe inapangidwa ngati Martini-Henry, ya chipolopolo chachikulu chija cha .577/450. Kumanzere nkomwe anadinda chaka chomwe anaiika mpope watsopano wa .303. Mfutiyo inabadwa kawiri, ndipo tsiku lobadwa lachiwirilo ndinalifafaniza ndi manja anga. Mpaka lero ndikaigwira mtima umawawa.

Nchifukwa chake sindimva zoti mfuti yosinthidwa ndi yotsika. Ndi bodza. Boma la Britain silinkataya chitsulo chabwino. Mu 1866 anatenga mfuti za gogodela za Enfield za 1853, nadula kumbuyo kwa mpope, naikapo kachitseko ka Jacob Snider kuti chipolopolo chizilowera kumbuyo. Ndani anganene kuti Snider ndi yachinyengo? Cha mu 1970 anatenganso ma No4 a asilikali oombera patali nkuwasandutsa L42A1 ya chipolopolo cha 7.62, yomwe lero osonkhanitsa mfuti amailimbirana. Amene amafuna mfuti yoti sinakhudzidwepo akufuna mfuti yomwe sinagwirepo ntchito. Ndipo amene amandikwiyitsa zedi ndi ogulitsa omwe amapala dala zidindo kuti ioneke yatsopano.

Tsono yanuyo

FTR ikutanthauza kuti inabwerera kufakitale nkukonzedwa yonse. Mk1/2 ndi Mk1 yomwe anaisamutsira chokhethemulira chake pathupi lenileni la mfuti, monga zilili pa Mk2 ya 1949. Mukaona F, ntchitoyo inagwiridwa ku Fazakerley, ku Liverpool. Kamuvi ndi chizindikiro cha katundu wa boma. Timivi tiwiri toyang'anizana nsonga, ndiye kuti boma linaigulitsa. Koma mukapeza DP, imeneyo inali yophunzirira perete basi, musayerekeze kuikamo chipolopolo.

Mafuta pang'ono ndi kansalu kofewa zikwanira. Sandipepayo mubwezere mukabati.